K50 ndi 50K sizofanana, ndipo K ameneyu ali ndi ntchito zinanso zambiri

K50 ndi 50K, chilembo chake ndi chomwecho manambala omwewo, kungosintha malo basi. Koma K50 ndi ndalama yoti masiku ano mukampatsa mwana amangokuyang'anani, pomwe 50K ndi 50,000 yathunthu. K akakhala kutsogolo kwa nambala ndi kwacha, akapita kumbuyo ndi sauzande, nde pali ena pogulitsa foni pa WhatsApp amaphatikiza zonse n'kulemba K250K, zomwe ukaziona koyamba umaganiza kuti chala chinaterereka koma ayi ndithu munthuyo walemba zoona, makwacha 250,000. Ma K awiriwo sali pachibale olo pang'ono. Wina ndi wa chilankhulo chathu chomwechi, winayo anachokera ku Chigiriki, angokumana pa mtengo wa foni.

Kwacha inayamba ku Malawi mu 1971 pomwe tinasiya mapaundi, ndipo posintha paja paundi imodzi imatuluka makwacha awiri. Anzathu a ku Zambia anatitsogolera, yawo inayamba mu 1968, nayonso amailemba ndi K yemweyo kutsogolo. Apa mpomwe chisokonezo choyamba chimayambira, wa ku Chipata akalemba K500 ndi wa ku Mchinji akalemba K500 sakunena ndalama imodzi, kwacha imodzi ya ku Zambia imatuluka makwacha athu makumi angapo, nchifukwa chake ochita geni pa boda ya Mwami amayamba afunsa kaye kuti ndi kwacha yake iti asanavomere mtengo. Kuonjezera apo, pa 1 January 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, K50,000 inasanduka K50, ndipo kwa miyezi ingapo mitengo m'mashopu imalembedwa pawiri, yakale ndi K yatsopano ndi KR. Mpaka lero kuli anthu amati "50 pin", pin kukhala sauzande pa kalankhulidwe ka kumeneko, akutanthauza K50, ndalama inasintha koma pakamwa sipanasinthe. Ndipo si ife awiri tokha ayi, kina ya ku Papua New Guinea amailemba K, kyat ya ku Myanmar nayonso K. Mabanki potumizirana ndalama kunja sangadalire chilembo chimodzi chotere, amagwiritsa zilembo zitatuzitatu, yathu ndi MWK, ya Zambia ZMW, kina ndi PGK, kyat ndi MMK.

K wa sauzande uja ndi chidule cha kilo, yemweyo wa kilo ya nyama ku butchala. Anamupanga ndi a ku France mu 1795 pomwe amakhazikitsa miyezo ya mamita ndi magalamu, anatenga liwu la Chigiriki la sauzande n'kulidula. Ndiye kilogalamu ndi magalamu 1,000, kilomita ndi mamita 1,000, olo mayuniti a magetsi timagula aja yuniti imodzi ndi kWh imodzi, k wake ndi yemweyu. Chomwe ambiri sititsata ndi choti pa malamulo a miyezo k wa kilo amayenera kukhala wamng'ono. Kulemba 50kg nkolondola, 50Kg ayi, ngakhale pa matumba ambiri ndi pa zikwangwani za m'misika mupeza wamkuluyo ndipo palibe amene anamangidwapo. Chifukwa chake nchoti zilembo zikuluzikulu zambiri anazisungira miyezo yotchedwa maina a anthu, W wa Watt, N wa Newton, V wa Volta, ndipo K wamkulu ali ndi mwini wake kale, tifika.

A makompyuta ndi amene anadzasokoneza zinthu. Kompyuta imawerenga mwa mawirimawiri, 2, 4, 8, 16, 32 mpaka 1,024, nde poti 1,024 ili pafupi ndi 1,000 iwo anangoti nayonso ikhale kilo, KB imodzi mabayiti 1,024. Pa KB imodzi kusiyana kwake nkochepa, 24 yokha, koma mukakwera ku MB kenako GB kumanka nakula. Opanga ma hard drive ndi mafulashi amawerenga ndi 1,000, Windows imawerenga ndi 1,024, mapeto ake mumagula ya 500GB kukailumikiza ikuonetsa 465GB ndipo mumayamba kutukwana wogulitsa mumtima kuti wakuberani, chonsecho palibe chomwe chasowa, mabayiti ndi omwewo owerenga ndi awiri. Mu 1998 bungwe la IEC, loona za miyezo ya zamagetsi pa dziko lonse, linayesa kukonza, linati 1,024 izitchedwa kibi ndipo izilembedwa Ki, koma kunena zoona ndi anthu ochepa kwambiri amene mungawamve akunena kibibayiti. Nanga 4K ya pa TV? Imeneyo ikunena timadontho topanga chithunzi kuchoka kumanzere kufika kumanja, ndipo pa TV zapakhomo ndi 3,840 m'lifupi 2,160 kutsika, kutanthauza kuti olo 4,000 yeniyeniyo sinakwane, angoikokera m'mwamba kuti izimveka bwino pogulitsa. Akuluakulu amene analipo mu 1999 akukumbukanso Y2K, chipwirikiti choopa kuti makompyuta asokonekera chaka cha 2000 chikafika, K wake ndi sauzande yemweyu.

Tsopano K wamkulu wa sayansi ndi kelvin, muyezo wa kutentha. Dzinali ndi la William Thomson, amene mu 1848 anabweretsa ganizo loti kutentha kuziyezedwa kuyambira pansi penipeni pomwe chinthu sichingazizirenso kuposa apo, ndipo mu 1892 atapatsidwa ulemu wa u Lord anatenga dzina la mtsinje wa Kelvin womwe umadutsa pafupi ndi yunivesite ya Glasgow komwe amaphunzitsa. A Kelvin onse tili nawo m'makwalalamu adziwe kuti dzinali ndi la mtsinje wa ku Scotland. Pansi penipeni paja ndi 0 K, zomwe ndi madigiri 273.15 pansi pa ziro pa Celsius, madzi amaundana pa 273.15 K, thupi la munthu la madigiri 37 lili pa 310 K. Kuyambira mu 1967 kelvin salembedwanso ndi kachizindikiro ka digiri, ndi nambala ndi K basi, nde 310 K ya asayansi ndi 310K ya wogulitsa firiji pa Facebook zimangosiyana kampata kakang'onoko.

Mwina mukuti zimenezi nza m'kalasi la fizikisi, koma tatengani bokosi la babu muone. Pamakhala 6500K kapena 3000K kapena 2700K, ndipo alipo amagula ya 6500K poganiza kuti nambala yaikulu ndiye yowala kwambiri, kapena kuopa kuti idya magetsi ambiri. Zonse ziwiri ayi. Kuwala kwa babu kumalembedwa ndi lm, magetsi omwe ikudya ndi W, K akunena mtundu wa kuwalako. Amene anaonapo chitsulo chikutenthedwa pa moto wamphamvu akudziwa kuti chimayamba kufiira, chikapitiriza kutentha chimapita ku chikasu, kenako kuyera. Nde 2700K ndi mtundu womwe chinthu chotentha kufika pamenepo chimatulutsa, chikasu chija cha mababu akale a kawaya mkati, pomwe 6500K ndi kuyera kopita ku buluu ngati kunja masana. Babu ya LED siitentha kufika apo, ikanatero bwenzi denga litapsa kalekale, yangobwereka mtunduwo. Choseketsa nchoti pa bokosi ya nambala yaikuluyo ndi imene amailemba "cool" ndipo ya nambala yaing'ono "warm", mosemphana ndi manambala akewo. Kuchipinda chogona yachikasuyo ndiye bola kwa ine, yoyerayo imakhala ngati mwagona ku wodi, koma izo nzokonda munthu. Ndipo kuyambira pa 20 May 2019 kelvin amatanthauziridwa pogwiritsa nambala yosasintha ya Boltzmann, yolumikiza kutentha ndi mphamvu, imene asayansi amailemba ndi k wamng'ono, nde K wamkulu akutsamira pa k wamng'ono yemwe si wa kilo uja, ndi winanso.

K amene amatikhudza kwambiri kuno, kupatula wa m'thumba, ndi wa pa thumba la feteleza. NPK. N ndi nayitrojeni, P ndi fosiforasi, K ndi potaziyamu. Ana asukulu ambiri amalakwa apa pa mayeso chifukwa potaziyamu akuyamba ndi P, nanga K akuchokera kuti? P anali atatengedwa kale ndi fosiforasi, komanso chizindikirocho sichinatengedwe ku Chingelezi, chinachokera ku dzina lina la chinthu chomwechi loti kalium, lomwe muzu wake ndi liwu la Chiarabu lonena phulusa la zomera. Nkhani yake ndi ya phulusa ndithu. Kalekale anthu amawotcha nkhuni, kusungunula phulusalo m'madzi, kuphwetsa madziwo mu mphika n'kutsala ndi mchere woyera wopangira sopo ndi magalasi, ndipo mu 1807 Humphry Davy ku London anadutsitsa magetsi mu mankhwala ochokera ku mchere umenewu n'kutulutsa chitsulo chofewa choti mpeni umadula, chomwe chikagwera m'madzi chimayaka. Patapita zaka zochepa Berzelius wa ku Sweden pokonza zizindikiro za zinthuzi anachipatsa K, monganso sodiyamu anapatsidwa Na ndipo chitsulo Fe. Amayi akamatcheza chidulo, phulusa m'kachitini koboola pansi madzi akudontha pang'onopang'ono kuti akaphikire therere, chomwe chikutsika m'madzi oterera aja kwambiri ndi mchere wa potaziyamu womwewu.

Manambala atatu a pa thumba aja amatsata ndondomeko yomweyo, N kenako P kenako K. Nde taonani feteleza wokulitsa amene alimi a chimanga ku Malawi anathira kwa zaka zambirimbiri, 23:21:0+4S. Nambala yachitatuyo ndi 0. Thumba lonse tikulitcha NPK koma K mulibemo olo kadontho, muli nayitrojeni magawo 23 pa 100, fosifeti 21, ndi salufa 4. Maganizo ake anali oti nthaka yathu ili naye kale potaziyamu wokwanira, koma munda womwewo ukalimidwa chimanga chaka ndi chaka, mapesi n'kumawotchedwa kapena kutengedwa, chomwe chinalimo chimanka nichepa. Matumba a masiku ano ambiri mupeza alemba 23:10:5+6S+1.0Zn, apa K walowa ndi 5, fosifeti watsika, awonjezera salufa ndi zinki. D Compound wa ku Zambia ndi 10:20:10. Wobereketsa uja, yureya, ndi nayitrojeni yekhayekha 46, mulibe P mulibe K. Potaziyamu ndi amene amalimbitsa phesi kuti chimanga chisamagwe chisawawa, amathandiza mbewu kupirira ng'amba ndi matenda, ndipo fodya, mbatatesi ndi nthochi zimamufuna wambiri. Akachepa masamba am'munsi amayamba kupsa m'mbali ngati awauka ndi moto. Wambiri wa m'mafetelezamu amakumbidwa ku Canada, Russia ndi Belarus, nde nkhondo kapena zilango za malonda zikagwa kumeneko mtengo wake umamveka mpaka kwa mlimi wa ku Kasungu.

Ku chipatala ndiye kumafunika kutchera khutu chifukwa kuli ma K awiri ndipo onse ndi okhudza magazi. Pa pepala la zotsatira za ku labu mukaona K kapena K+ ameneyo ndi potaziyamu yemwe uja wa mu feteleza, m'magazi mwa munthu amayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0 kapena kuposera apo pang'ono kutengera labu yake. Akatsika kwambiri, monga munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza kwa masiku, thupi limafooka ndipo mtima umagunda mosalongosoka, nchifukwa chake mu Thanzi ORS muli potaziyamu. Akakwera kwambiri, zomwe zimachitika kawirikawiri impso zikafooka, mtima utha kuima. Koma vitamini K ndi chinthu china kotheratu, si potaziyamu ayi. Anamutulukira ndi Henrik Dam wa ku Denmark, kuyambira mu 1929 pomwe anaona kuti anapiye omwe amawadyetsa chakudya chochotsedwa mafuta amatuluka magazi osaleka, ndipo anazindikira kuti pali china chake m'zakudya chothandiza magazi kuundana. Chilembo K anachisankha poti mavitamini ena anali asanachitenge, komanso kuundana kwa magazi pa Chijeremani ndi zilankhulo za kwawoko amalemba Koagulation. Analandira mphoto ya Nobel ya 1943 pamodzi ndi Edward Doisy wa ku America. Jakisoni amene makanda amabayidwa atangobadwa uja kuti asatuluke magazi mkati ndi vitamini K ameneyu.

Nde tangoganizani, wodwala impso auzidwa kuti achepetse zakudya za potaziyamu, nthochi, mapeyala, mbatatesi, tomato. Wina amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, auzidwa kuti asamale ndi vitamini K, amene amapezeka kwambiri m'masamba obiriwira ngati mpiru, repu ndi ena otere, osati asiye kudya ayi koma asamasinthesinthe, sabata ino masamba tsiku lililonse sabata inayo osakhudza, chifukwa warfarin amagwira ntchito potsekereza vitamini K yemweyo. Awiriwa akakumana pa benchi podikira dokotala aliyense n'kunena kuti anandiletsa za K, atha kupatsana malangizo olakwika bwinobwino, wa warfarin kusiya nthochi zosalakwa, wa impso kumadya nthochi ali phee poti iye wamva za masamba. Manesi nawo amaphunzitsidwa kusamala ndi botolo lolembedwa KCl, potaziyamu wa m'jakisoni, poti ameneyo akabayidwa mu mtsempha osasungunula amapha. Ine ndimaona kuti apa chidule sichithandiza, dokotala kapena nesi akati K ndi bwino kungofunsa kuti K wake uti, potaziyamu kapena vitamini, palibe chochititsa manyazi. Mwa njira, warfarin anayamba ngati mankhwala a makoswe mu 1948, ndipo mwana kapena galu akadya mwangozi mankhwala a makoswe a mtundu umenewu chomwe amapatsidwa ku chipatala ndi vitamini K.

Pa mphete ya ukwati K ndi karati. Golide amamugawa magawo 24, nde 24K ndi golide yekhayekha, wofewa moti mphete yake imapindika msanga, 18K ndi magawo 18 pa 24 kapena kuti 75 pa 100 ndipo pena amangodinda 750, 14K amadinda 585, 9K amadinda 375 kutanthauza kuti golide wake sanafike ndi theka lomwe. Mnyamata akakuuzani kuti mphete ndi ya 18K mufunse bwino, akunena golide kapena mtengo. Karati ya dayamondi ndi inanso, imeneyo ndi kulemera, magalamu 0.2, ndipo amailemba ct.

Mukayang'anitsitsa muona kuti palibe tsiku lomwe anthu anakhala pansi n'kugawana zilembozi. Zilembo zilipo 26 zokha, zinthu zofuna chidule ndi masauzande, ndipo gulu lililonse, a banki, a zaulimi, madokotala, osula golide, limatenga chomwe lafuna osafunsa anzawo chifukwa panthawiyo amalemberana okhaokha. K ali ngati waganyu, m'mawa ali kumunda masana ku chipatala madzulo ku banki, aliyense akumutcha wantchito wake. Komanso K ali ndi mwayi wina, pa Chingelezi ndi Chifalansa mawu ambiri omveka "k" amalembedwa ndi C, nde C anadzaza msanga, kaboni, Celsius, senti, vitamini C, pomwe K amakhala wopanda ntchito kudikira amene wasowa chilembo. Vuto labwera pano poti zonsezi zikukumana pa foni imodzi, uthenga wa mtengo, chithunzi cha zotsatira za ku labu ndi malonda a TV zili motsatizana.

Ena ndi ongodutsa. Pa makadi a juga K ndi mfumu, pa chess chimodzimodzi, mpaka hatchi, yomwe pa Chingelezi ndi knight, inalandidwa chilembo chake n'kupatsidwa N. Pa pulinta ya makala anayi, CMYK, K ndi inki yakuda, ochita zosindikiza amati ndi "key" chifukwa mbale ya inki yakuda ndi imene ena atatuwo amayenderapo kuti chithunzi chilunjike. Pa nyimbo za Mozart, wopeka nyimbo wa ku Austria, mupeza K ndi nambala, K. 626 mwachitsanzo, ameneyo ndi Ludwig von Köchel amene mu 1862 anazindandalika zonse motsata nthawi yomwe zinapekedwa. Pa baseball ku America K ndi womenya mpira amene watuluka ataphonya katatu. Ndipo pali k wa pa meseji, uja mwalemba ndime zitatu kufotokoza bwinobwino wina n'kungoyankha "k", ameneyo pa pepala ndi chidule cha OK koma tonse tikudziwa kuti zinthu sizili bwino.

Phiri lachiwiri kutalika pa dziko lonse, la mamita 8,611 pa malire a Pakistan ndi China, dzina lake ndi K2, ndipo K wake si kilo kapena kwacha. Mu 1856 Thomas Montgomerie, woyeza malo wa ku Britain amene amagwira ntchito ku India, anaona nsonga ziwiri zitalizitali patali m'mapiri a Karakoram n'kuzijambula m'kabuku kake, ina K1 ina K2, K kuimira Karakoram, pofuna kuti maina enieni adzafunse eni dera pambuyo. K1 anadzapeza kuti anthu amalitcha Masherbrum ndipo dzinalo linabwerera. K2 lili mkati kwambiri moti silioneka kuchokera m'midzi yapafupi, oyezawo sanapeze dzina lomwe anthu akumeneko amagwiritsa, nde kachizindikiro kongoyembekezera kaja kanakhala pa mapu mpaka a ku Italy anakafika pansonga pake mu 1954 likadali K2.